Galimoto Zoyezedwa Pasikelo

Kuyambira 1961 mpaka 1989, boma la South Africa linkayeza galimoto zopangidwa m'dzikolo ngati matumba a chimanga, pasikelo. Ndikamawerenga mbiri ya mafakitale a galimoto kumeneko, lamulo limeneli ndi limene limandikopa kwambiri.

Poyamba kunalibe kupanga kwenikweni. Ford inayamba ntchito ku Port Elizabeth, komwe lero ndi Gqeberha, mu 1924, ndipo General Motors inatsatira mu 1926. Zipangizo zinkabwera pasitima zili m'mabokosi, anthu n'kumangolumikiza. Volkswagen Beetle yoyamba inatuluka ku Uitenhage mu 1951 mwa njira yomweyi. Ndalama zambiri zinkapitabe kunja.

Pofuna kutseka mpata umenewo, boma linalamula kuti gawo lina la galimoto iliyonse lizipangidwa m'dziko momwemo, ndipo linaika msonkho wokwera pa galimoto zobwera zathunthu. Gawolo ankaliwerengera potengera kulemera, osati mtengo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 linafika pa 66 peresenti. Eni makampani sanali ogona. Anayamba kupangira komweko zinthu zolemera, monga malata a thupi la galimoto ndi zitsulo zosungunula, pamene zopepuka koma zodula ankaitanitsabe ku Germany, Japan ndi America. Lamulo ankalitsata ndithu, koma luso lenileni linatsalira kutsidya kwa nyanja. Msika unali waung'ono, mitundu ya galimoto inali yambirimbiri, choncho iliyonse inkapangidwa pang'ono ndipo inkadula. Wogula ndiye ankalipira.

Sindinganene kuti lamuloli silinabale kanthu. Linabala mafakitale a zipangizo, komanso antchito odziwa mphamvu zawo, zimene boma la tsankho silinkafuna n'komwe. Antchito akuda ananyanyala ntchito ku Ford mu 1979, ndipo mu 1980 a ku Volkswagen ananyanyala pofuna malipiro a R2 pa ola. M'zaka zotsatira, dziko lonse lapansi litayamba kusala South Africa, General Motors ndi Ford zinagulitsa magawo awo, ngakhale galimoto zawo zinapitiriza kupangidwa ndi makampani otchedwa Delta ndi Samcor.

Sikelo inachotsedwa mu 1989, n'kuyamba kuwerengera mtengo. Kusintha kwakukulu kunadza mu 1995 ndi ndondomeko ya MIDP: msonkho unayamba kutsika, ndipo kampani yogulitsa katundu kunja inkaloledwa kulowetsa wina pamsonkho wochepa. Fakitale iliyonse inasankha mitundu yochepa n'kumaipanga yambiri. BMW ku Rosslyn ndi Mercedes-Benz ku East London zinayamba kutumiza galimoto kumayiko akutali, ndipo Toyota ya ku Durban inachita chimodzimodzi ndi Hilux. Mu 2013 ndondomeko ya APDP inalowa m'malo, thandizo la boma n'kupitirira. Komabe palibe kampani yaikulu ngakhale imodzi mwa izi imene likulu lake lili m'dzikolo, ndipo General Motors itaganiza zochokeratu mu 2017, inangochoka.

Pali lamulo lina limene ife akumpoto timaliona ndi maso. South Africa salola kulowetsa galimoto zakale zoti zigulitsidwe m'dzikolo, poteteza mafakitale ake. Galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan zimatsikabe padoko la Durban, koma ndi zapaulendo chabe. Amazikweza pamathiraki n'kuziwolotsa pa Beitbridge, kupita kwa ogula a ku Harare, Lusaka ndi Blantyre.