Duwa la poizoni limene linathandiza mafumu kuponda pansi

Gauti ni mtundu wa nyamakazi umene umakonda kugwila cala cacikulu ca kuphazi. Munthu amagona bwinobwino, koma pakati pa usiku calaco catupa, catentha, olo bulangeti kucikhudza ni misozi. Ku Ulaya anali kuicha matenda a mafumu, cifukwa inali kuvutitsa kwambili odya nyama na kumwa vinyo tsiku lililonse. Lelo tikuipeza ngakhale m'makomboni mwathu.

Mankhwala ake akalekale anacokela ku kaduwa kochedwa Colchicum. M'zaka za m'ma 500, sing'anga wacigiriki Alexander wa ku Tralles anali kupatsa odwala gauti mankhwala a ku comela ca mtundu umenewu. Ululu unali kutha, inde, koma duwali ni poizoni. Ukapitilila pang'ono cabe, kusanza na kutsegula m'mimba zayamba, ndipo munthu angathe kufa nako. Conco madokotala ambili analitaya kwa zaka mahandiledi.

Linabwelela mobisa. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, msilikali wa ku France, Nicolas Husson, anayamba kugulitsa madzi ocilitsa gauti osaulula zimene anaikamo, monga mmene ena amagulitsila mabotolo opanda cizindikilo m'misika yathu. Kusiyana kwake n'kwakuti ake anali kugwiladi nchito, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti cinsinsi cinali duwa lomwe lija. Mu 1820, Pelletier na Caventou ku Paris anapatula mphamvu ya m'duwalo, imene lelo timaicha colchicine. Ni anthu awili omwewo amene anapatula kwinini wa malungo caka cimeneco. Kwa ife, apa m'pamene nkhani inasinthila, cifukwa tsopano zinali zotheka kupima mlingo m'malo mongoyelekeza.

Mu 1848, Alfred Garrod ku London anaonetsa kuti odwala gauti amakhala na uric acid wambili m'magazi. Asidi ameneyu amauma n'kukhala tumasingano m'mfundo, maselo oyela a magazi amathamangilako, kutupa n'kuyamba. Colchicine amaletsa maselowo kuthamanga, koma asidi samucepetsa. Imeneyo ni nchito ya mapilitsi ena monga allopurinol.

Kuno kwathu kuthengo kumamela Gloriosa superba, duwa lofiila na cikasu lija lokwela pa zitsamba nyengo ya mvula, limene ni duwa la dziko la Zimbabwe. Nalonso lili na colchicine, maka-maka m'mbewu na ku mizu. Ku India amalilima n'kugulitsa ku mafakitale a mankhwala, ndipo m'zipatala za kumeneko na ku Sri Lanka amalandila anthu amene anadya mizu yake poiyesa cilazi.