Mmene Anthu Anaphunzirira Kuwerenga DNA

Mu 1869, Friedrich Miescher, dokotala wachinyamata wa ku Switzerland, ankatolera mabandeji a mafinya pachipatala china mumzinda wa Tübingen ku Germany. Ankapita nawo ku labotale yomwe kale inali khitchini ya nyumba yachifumu, n'kumawatsuka kuti apeze maselo oyera a m'magazi. M'katikati mwa maselowo anapezamo chinthu chomwe sichinali puloteni ndipo sichinkafanana ndi chilichonse chimene asayansi ankachidziwa. Ndicho lero timachitcha DNA. Mwiniwakeyo anamwalira mu 1895 pasanadziwike kuti chinthucho ndi chimene chimachititsa mwana kutengera makolo ake.

Panapita zaka 75 kuti Oswald Avery ndi anzake ku New York asonyeze, mu 1944, kuti chibadwa chimasungidwa mu DNA. Kenako mu 1953 James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge anafotokoza mmene inaumbidwira, zingwe ziwiri zopotana, atathandizidwa ndi zithunzi zomwe Rosalind Franklin ndi Raymond Gosling anajambula ku King's College London. Mabuku a sukulu amakonda kuthera pamenepa, ngati kuti ntchito inatha chaka chimenecho. Komatu inali itangoyamba. Anthu anadziwa kuti uthenga wa chibadwa umalembedwa ndi tizidutswa tinayi tokha, tomwe amatiimira ndi zilembo A, C, G ndi T, koma panalibe amene akanatha kuwerenga ngakhale mzere umodzi. Ndiye mu DNA ya munthu muli zilembo zotere pafupifupi 3 biliyoni.

Mukatsatira bwino zimene zinachitika kuyambira pamenepo muona kuti nthawi iliyonse ntchito ikaima, amene ankaikankha kuti ipitirire kawirikawiri anali munthu wa ntchito ina. Madokotala ndi akatswiri a zamoyo ankadziwa chimene akufuna, koma njira inkachokera kwa wa makemikolo, kwa injiniya, kapena kwa wolemba mapulogalamu a kompyuta.

Woyamba anali Frederick Sanger, katswiri wa makemikolo wa ku Cambridge, munthu wofatsa yemwe anali atalandira kale mphoto ya Nobel mu 1958 chifukwa chowerenga ndondomeko ya puloteni ya insulini. Njira imene anatulukira mu 1977 ndi yochenjera. Amatenga chingwe cha DNA n'kuchikopera kambirimbiri, koma m'zilembo zokoperazo amasakanizamo zina zachinyengo, zomwe zikangolowa pamzere kukopera kumathera pomwepo. Mapeto ake pamakhala tizingwe totalika mosiyanasiyana, ndipo kalikonse chilembo chake chomaliza chimadziwika. Tizingweto amatiyendetsa ndi magetsi mu jelo wopyapyala woikidwa pakati pa magalasi awiri. Tatifupi timathamanga, tatitali timatsalira. Akaikapo filimu ya ekisire, pamatuluka timizere takuda m'mipata inayi, mpata uliwonse wa chilembo chake. Munthu ankakhala pansi ndi filimuyo pa galasi lowala, chala pa mzere wapansi, n'kumakwera m'mwamba pang'onopang'ono: A, A, G, T, C. Akawerenga zilembo mazana ochepa, maso ali phuli, tsiku latha. Gulu lake linawerenganso kachilombo ka phiX174, komwe kali ndi zilembo zopitirira pang'ono 5,000. Mu 1980 Sanger analandira Nobel yachiwiri, patapita zaka zitatu n'kupuma ntchito kukasamalira dimba lake. Ulemu wotchedwa Sir anaukana.

Zilembo zitayamba kuchuluka, mapepala analephera. Rodger Staden, wa mu labotale yomweyo, analemba mapulogalamu oyambirira olumikizira tizidutswa towerengedwa. Mu 1982 ku America anatsegula GenBank, nkhokwe ya pakompyuta yosungira zonse zomwe anthu awerenga, ndipo mu 1990 kunabwera BLAST, pulogalamu yomwe mpaka lero wophunzira aliyense wa zamoyo amaponyamo zilembo zake kuti aone ngati zikufanana ndi zomwe ena anapeza kale. Mainjiniya nawonso analowerera. Mu 1986 gulu la Leroy Hood ku Caltech linachotsapo filimu ija n'kupatsa chilembo chilichonse utoto wake wowala, kuti laser izitha kuwerenga yokha n'kutumiza ku kompyuta. Kampani ya Applied Biosystems inasandutsa nzeru imeneyi makina ogulitsa.

Makinawo ndi amene analimbitsa mtima maboma kuti ayambe Human Genome Project mu 1990, ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu. Anagwirizana asayansi a ku America, Britain, Japan, France, Germany ndi China. Mu 1996 atakumana ku Bermuda anamanga mfundo yoti chilichonse chimene awerenga aziika poyera pasanathe maola 24, aliyense azitenga ulele. John Sulston wa ku Britain anali mmodzi mwa omwe anaumirira zimenezi, ndipo kwa ine mfundo imeneyi inaposa makina onse amene anagwiritsa ntchito. Ikanapanda kumangidwa, bwenzi lero wofufuza wa ku Blantyre kapena ku Lusaka akulipira kuti angosuzumira m'chibadwa chake chomwe.

Mantha amenewa sanali ongopeka. Mu 1998 Craig Venter anayambitsa kampani ya Celera n'kulengeza kuti aiwerenga yekha mwachangu, ndipo ofuna kugwiritsa ntchito nkhokwe yake azilipira. Venter sankalankhula zopanda mutu, poti mu 1995 iye ndi Hamilton Smith anali atawerenga bakiteriya wa Haemophilus influenzae yense, zilembo 1.8 miliyoni, mwa njira yoduladula DNA mwachisawawa n'kusiyira kompyuta ntchito yolumikiza. Zili ngati kung'amba makope khumi a nyuzipepala imodzi, kenako n'kubwezeretsa tsamba lililonse poona pamene mawu a kachidutswa kena akubwerezedwa pa kanzake. Gulu la maboma linali ndi zidutswa zankhaninkhani koma linalibe pulogalamu yodalirika yozisonkhanitsira. Amene analipulumutsa ndi Jim Kent, wophunzira wa pa yunivesite ya California ku Santa Cruz, yemwe kale ankalemba mapulogalamu a zithunzi zoyenda. Analemba pulogalamuyo m'mwezi umodzi wokha, n'kuiyendetsa pa makompyuta wamba pafupifupi 100. Pa 26 June 2000 Bill Clinton ndi Tony Blair analengeza kuti mbali zonse ziwiri zafika, ndipo pa 7 July zilembozo zinaikidwa pa intaneti.

Ntchitoyo inatsekedwa mu April 2003 itadya madola pafupifupi 2.7 biliyoni. Inasiya manyazi pang'ono: ambiri ankayembekezera kuti munthu ali ndi majini okwana 100,000, koma anapezeka kuti ndi pafupifupi 20,000, osasiyana kwambiri ndi a kanyongolotsi ka m'dothi. Ndiponso sinali itathadi. Magawo 8 pa 100 alionse, malo omwe zilembo zimangobwerezabwereza, anamalizidwa mu 2022.

Pali chinthu china chimene chinachitika m'zaka zimenezo chomwe ife a kuno tiyenera kuchikumbukira. Mu October 2002, m'sabata imodzi, kunasindikizidwa DNA yonse ya Plasmodium falciparum, kachilombo koyambitsa malungo oopsa, ndi ya udzudzu wa Anopheles gambiae womwe umakafalitsa. Chiyembekezo chinali chachikulu kuti katemera ali pafupi. Koma katemera wa RTS,S, yemwe ana a ku Malawi anakhala oyamba kumulandira kusikelo mu April 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira, anapangidwa mu 1987, DNA ya kachilomboka isanawerengedwe n'komwe. Zilembo zathandiza kwambiri kutsatira mmene malungo akupiririra mankhwala, koma kuwerenga mdani sikunatanthauze kuti wagonja.

Mtengo wowerengera DNA unagwa chifukwa cha akatswiri awiri a makemikolo a ku Cambridge, Shankar Balasubramanian ndi David Klenerman, omwe anakambirana nzeru yawo mu 1997 ali pamowa ndi anzawo. M'malo mowerenga chingwe chimodzichimodzi, anamata tizidutswa tankhaninkhani pa kagalasi kamodzi, kamera n'kumajambula nthawi iliyonse chilembo chatsopano chikawonjezedwa. Kampani yawo ya Solexa inagulidwa ndi Illumina mu 2007, ndipo pofika 2014 Illumina inalengeza kuti DNA ya munthu mmodzi itha kuwerengedwa ndi madola 1,000. Kuyambira pamenepo vuto linasamuka. Makina ankalavula zilembo zambiri kuposa zomwe ma labotale akanatha kusunga kapena kumasulira, moti katswiri wa zamoyo wosadziwa kulemba pulogalamu anayamba kusowa pogwira.

Makina a Illumina ndi aakulu ndipo amafuna chipinda chozizira ndi magetsi osathimathima. Njira ina, yomwe David Deamer anaijambula m'kope lake mu 1989, inatenga zaka 25 kuti itheke. Chingwe cha DNA chimadutsa pa kabowo kakang'ono kwambiri ka puloteni pomwe pakuyenda magetsi, ndipo zilembo zikamadutsa mphamvu ya magetsiyo imasinthasintha. Kompyuta yophunzitsidwa ndi zitsanzo zambirimbiri imasandutsa kusinthaku kukhala A, C, G ndi T. Kamakina ka MinION, komwe Oxford Nanopore inatulutsa mu 2014, kamakwana m'thumba la malaya ndipo kamalumikizidwa ku laputopu. Poyamba kankalakwitsa kwambiri ndipo ena ankakaseka. Koma mu 2015, Ebola ili mkati mosakaza, Joshua Quick wa ku yunivesite ya Birmingham ananyamula timakinati m'masutikesi kupita nato ku Guinea, ndipo zotsatira zinayamba kutuluka pasanathe tsiku limodzi m'malo modikira masabata kuti magazi akafike ku Ulaya. Zimene zinkawavutitsa kumeneko ndi zodziwika kwa aliyense wa kuno: magetsi ndi intaneti.

Ku Malawi sayansi imeneyi yayankhapo mafunso omwe madokotala anali nawo kale. Pa Queen Elizabeth Central Hospital ankaona odwala ambiri, makamaka ana ndi anthu omwe ali ndi HIV, akumwalira ndi Salmonella wolowa m'magazi, pomwe kumayiko ena bakiteriya wa dzina lomwelo amangotsegula m'mimba. Mu 2009 asayansi a ku Sanger Institute ndi anzawo a ku Blantyre atawerenga bakiteriya wotengedwa kwa mwana wa pachipatalapo, anapeza kuti ndi mtundu wakewake, ST313, wosamva mankhwala angapo. Mu February 2022 boma litalengeza kuti mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo wam'chilengedwe, funso linali lakuti kodi matendawa anabisala m'dziko muno zaka zonsezi, pomwe Africa inalengezedwa mu 2020 kuti yathana nawo. Ma labotale a ku South Africa ndi ku America atawerenga zilembo za kachilomboko anapeza kuti ndi ka m'banja lomwe linkazungulira m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Zindikirani kuti yankho linachokera kunja.

Pamene anthu a kuno awerenga okha, malipiro ake sanakhale okoma nthawi zonse. Mu November 2021 Sikhulile Moyo, wobadwira ku Zimbabwe yemwe amagwira ntchito ku Gaborone, pamodzi ndi gulu la Tulio de Oliveira ku South Africa, anaona mtundu wachilendo wa kachilombo ka Covid-19 n'kuuza dziko msanga. Bungwe la WHO linautcha Omicron pa 26 November. M'masiku ochepa Britain ndi America anatseka zipata kwa apaulendo ochokera kumwera kwa Africa, Malawi ali momwemo, chonsecho kachilomboko kanali katafika kale ku Ulaya.

Kafukufuku wa lero wapita patsogolo pa kungowerenga. Jini ndi malangizo opangira puloteni, ndipo ntchito ya puloteni imadalira mmene yapindikira. Max Perutz anatha zaka zoposa 20 kuti aone maonekedwe a himogulobini. Mu 2020 pulogalamu ya AlphaFold ya kampani ya DeepMind inasonyeza kuti imatha kulosera kupindika kumeneku kuchokera pa ndondomeko yokha, ndipo pofika 2022 inali italosera mapuloteni oposa 200 miliyoni. Demis Hassabis ndi John Jumper analandira Nobel ya makemikolo mu 2024 pamodzi ndi David Baker. Pulogalamuyo sikanaphunzira kanthu pakanapanda nkhokwe zaulele zomwe anthu akhala akudzaza kuyambira m'ma 1970.

Nkhokwezo zili ndi mbali yopendekeka. Pafupifupi magawo 70 pa 100 a DNA yomwe dziko lonse lakhala likuyerekezerapo anachokera kwa bambo mmodzi wa ku Buffalo ku America, ndipo anthu ambiri omwe alowa m'kafukufuku wa majini ndi matenda ndi a makolo a ku Ulaya. Chonsecho Africa ndi kumene anthu amasiyana chibadwa kuposa kwina kulikonse. Ofufuza atawerenga anthu 910 a makolo a ku Africa anapeza zilembo pafupifupi 300 miliyoni zomwe munalibe mu DNA yoyerekezerayo. Ntchito ya H3Africa inayambitsidwa kuti kafukufuku wotere azitsogoleredwa ndi asayansi a m'makoleji a kuno.

Matenda a sickle cell amayamba chifukwa cha chilembo chimodzi chokha, T pamalo pa A, ndipo ana ambiri obadwa nawo ali kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Njira ya CRISPR yodulira DNA pamalo osankhidwa, yomwe Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anafotokoza mu 2012, inabala mankhwala a Casgevy, omwe Britain inavomereza mu November 2023 ndi America mwezi wotsatira. Sakonza chilembo cholakwikacho. Amadzutsa jini yopanga himogulobini yomwe mwana amakhala nayo ali m'mimba. Maselo amachotsedwa mwa wodwala, kukakonzedwa ku labotale, n'kubwezeredwa wodwalayo atalandira kaye mankhwala amphamvu opha mafuta a m'mafupa, ndipo amagona m'chipatala masabata angapo. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Pakadali pano madokotala a ana kuno akulimbana ndi zoti mwana ayezedwe atangobadwa, azimwa penisilini, ndiponso apeze hydroxyurea, mankhwala akale otsika mtengo omwe kafukufuku wa ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda anasonyeza kuti amachepetsa ululu, kuikidwa magazi ndi imfa mwa ana a kuno.