Kuzindikira Zaka za Malupanga Akale a ku Japan

Zaka za lupanga la ku Japan zimadziwika makamaka pa nakago, mbali ya chitsulo yolowa m'chigwiriro, pakuti m'pamene wosula ankazokota dzina lake, lotchedwa mei, nthawi zinanso chaka chomwe analisula. Dzimbiri lakuda la pa nakago ndi umboni wa ukale, choncho wolipala amagwetsa mtengo wa lupangalo. Malupanga osulidwa chisanafike chaka cha 1596 amatchedwa kotō, a pakati pa 1596 ndi 1780 ndi shintō, pomwe shinshintō amafika mpaka 1876. Popeza maina ambiri ozokotedwa ndi abodza, wongoyamba kusonkhanitsa malupangawa ayenera kudalira chikalata cha bungwe la NBTHK, lomwe linakhazikitsidwa mu 1948, osati dzina lokha.