Mbiri ya Chimbale m'Malawi: Kuyambira pa Galamafoni mpaka pa Foni

Mwambo woti woyimba asonkhanitse nyimbo zake zingapo, azijambule pamodzi, azipatse mutu umodzi, ndipo pakapita chaka kapena ziwiri atulutse zina, unafika mochedwa m'Malawi. Oyimba opeka okha nyimbo ndi kudziyimbira gitala kapena banjo analipo kalekale, koma kwa zaka zambiri ankatchuka ndi nyimbo imodziimodzi. Chimbale chinakhazikika pamene kunapezeka zinthu zitatu: malo ojambulira apafupi, njira yotsika mtengo yochulukitsira nyimbozo, ndi wamalonda wozifikitsa m'misika.

M'nthawi ya atsamunda zonsezi kunalibe. Asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse komanso amuna ochokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia ankabwera ndi magitala, mabanjo ndi mbale za galamafoni, ndipo kuyimba kwa zida zimenezi kunafala m'midzi ndi m'matauni. Mbale ya galamafoni ya nthawiyo inkanyamula nyimbo imodzi mbali iliyonse, ya mphindi ngati zitatu basi. Wofuna kujambulidwa ankayenera kupita ku Salisbury, Bulawayo kapena Johannesburg, apo ayi kudikira kuti ojambula adutse kwawo. Mmodzi mwa ojambula oyendayenda otere anali Hugh Tracey, yemwe anajambula nyimbo m'Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958. Zomwe anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Wayilesi ya ku Lusaka, imene inkaulutsa m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina, inathandiza kufalitsa nyimbo zoterezi, makamaka kuyambira 1949 pamene mawayilesi otsika mtengo otchedwa Saucepan Special anayamba kugulitsidwa.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, wayilesi ya MBC ndi imene inasanduka situdiyo ya fuko lonse. Woyimba ankapita ku Blantyre kapena kudikira ojambula a wayilesiyi akamayendera maboma, n'kuyimba nyimbo zake, n'kulandira kangachepe. Tepi inkatsala m'nkhokwe ya wayilesi. Umu ndi mmene anthu anadziwira Allan Namoko wa ku Thyolo ndi Chimvu River Jazz Band, Michael Yekha, Robert Fumulani ndi Likhubula River Dance Band, Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, ndi ena ambiri. Mayina awo ankadziwika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, koma womvera sakanatha kulowa m'sitolo n'kugula nyimbo zawo mmene akufunira. Kampani ya Nzeru inayesako kutulutsa timbale ting'onoting'ono kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma sinakhalitse. Panalinso lamulo la 1968 lokhudza kuunika zamsangulutso, lomwe linachititsa kuti mawu a nyimbo azisefedwa, kotero opeka nyimbo anazolowera kubisa zakukhosi m'miyambi ndi m'zining'a.

Mwayi wa chimbale chachikulu unkachokera kunja. Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka anakumana ndi Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, mu 1967, ndipo kudzera mwa iye nyimbo zawo zinajambulidwa ndi kumveka ku Ulaya. Namoko naye anaona nyimbo zake zikutuluka pansi pa dzina la Pamtondo, kampani yaing'ono imene John Lwanda, dokotala wa Chimalawi wokhala ku Scotland, anayambitsa. Izi zinachitika patangotsala zaka zochepa kuti woyimbayo amwalire mu 1995. N'zomvetsa chisoni kuti mbadwo umene unapeka nyimbo zimene mpaka lero zimayimbidwanso ndi achinyamata ndi umene unapindula pang'ono kwambiri ndi luso lake.

Kaseti ndi imene inasintha zinthu. Inali yotchipa, yosavuta kuchulukitsa, ndipo inkalira pa wayilesi ya mabatire kumudzi kopanda magetsi, m'minibasi ndi m'malo omwera. Kufala kwake kunakumana ndi kusintha kwa ndale: referendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zinamasula pakamwa pa oyimba. Likulu la ntchito yatsopanoyi silinali Blantyre kapena Lilongwe ayi, koma Balaka, komwe Alleluya Band inayambira mu 1978 pa parishi ya Katolika. Paul Banda, yemwe ankatsogolera gululi, anatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe, imene ambiri amangoitchula kuti IY, ndipo achinyamata ochokera m'maboma osiyanasiyana ankakhamukira kumeneko. Chamba chimene chinatuluka m'menemo, chophatikiza reggae yofatsa, mayimbidwe a kwaya za kutchalitchi ndi kiyibodi, chinadziwika ndi dzina la Balaka.

Mng'ono wake wa Paul, Lucius Banda, ndi amene anaonetsa bwino lomwe tanthauzo la chimbale chachiwiri. Choyamba chake, Son of a Poor Man, anakachijambula ku South Africa m'nyengo yomweyo ya kusintha kwa ndale, ndipo chinagwira mitima chifukwa chinanena poyera zowawa za ulamuliro wa chipani chimodzi. Funso linali lakuti, boma lakale litachoka, woyimbayo atsala ndi chiyani chonena. Down Babylon, chomwe chinatuluka mu 1995, ndi zina zotsatira zinayankha funsolo: anapitiriza kudzudzula, tsopano akuloza umphawi, katangale ndi malonjezo osakwaniritsidwa a atsogoleri atsopano. Anakhazikitsa Zembani Band, ndipo pomwe ankamwalira pa 30 June 2024 anali atatulutsa zimbale pafupifupi 20. Kuyambira pa iye, anthu anayamba kuyeza woyimba powerenga zimbale zake, ndipo wotulutsa chimodzi n'kuzimirira ankaonedwa ngati wongodutsa. Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Joseph Nkasa ndi oyimba ambiri a nyimbo zauzimu anayenda m'njira yomweyo.

Oyimba onsewa anali odziyimira paokha, osati chifukwa chofuna, koma chifukwa m'dziko munalibe makampani akuluakulu olemba woyimba ntchito ndi kumulipirira zonse. Woyimba ankasaka yekha ndalama za situdiyo, ena pogulitsa mbewu, ena pokongola kwa achibale kapena kupempha kwa anthu akufuna kwabwino. Akamaliza ankasindikiza zikuto, n'kutenga tepi yoyambirira kupita nayo kwa wochulukitsa ndi kugulitsa. Wodziwika kwambiri pa ntchitoyi anali O.G. Issa wa ku Limbe, komwe mavenda ankapikula makaseti n'kukawayala m'misika ndi m'madepoti. Bungwe la COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992 potsatira lamulo loteteza eni luso la 1989, linabweretsa timapepala tomata pa kaseti iliyonse yovomerezeka, kuti yeniyeni isiyane ndi yakuba komanso kuti chiwerengero cha zogulitsidwa chidziwike. Phindu la woyimba pa kaseti imodzi linali lochepa ndipo madandaulo sankatha, komabe dongosololi linali ndi ubwino umodzi: chimbale chikayenda malonda, chinkalipira situdiyo ya chotsatira. Chimbale chachiwiri chinali umboni woti choyamba chinabweza ndalama. Mawayilesi atsopano, monga MBC Radio 2, Power 101 ndi Capital FM kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamodzi ndi kanema wa TVM mu 1999, anakulitsa msikawo.

Nkhani ya Evison Matafale wa ku Chileka ili payokha. Chimbale chake choyamba anachitcha Kuimba 1, ngati wodziwiratu kuti pali zina zikubwera. Kuimba 2 chinatuluka mu 2001, ndipo pa 27 November chaka chomwecho Matafale anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, atamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma. Gulu lake la Black Missionaries, motsogozedwa ndi Musamude Fumulani mpaka imfa yake mu 2007, kenako ndi Anjiru Fumulani, linapitiriza kuwerenga kuyambira pa Kuimba 3 kupita m'tsogolo, kotero kuti mutu umene munthu mmodzi anasankha unasanduka chuma cha banja ndi cha mudzi wonse wa oyimba.

Dongosolo la kaseti linagwa mofulumira. CD itabwera, aliyense wokhala ndi kompyuta ankatha kubena nyimbo, ndipo timashopu tothira nyimbo m'mafulashi ndi m'mamemore khadi tinadzaza m'misika, tikugulitsa nyimbo zambirimbiri pa mtengo wosakwana wa kaseti imodzi. Ogulitsa akuluakulu anasiya ntchitoyi, ndipo oyimba ena otchuka anayamba kuyenda okha m'misewu ndi m'maofesi ndi ma CD m'chikwama. Ndalama zinasamukira ku madansi, makamaka tsiku lokhazikitsa chimbale, pomwe alendo olemekezeka amagula CD yoyamba pa mtengo wokwera. Lamulo latsopano la 2016 linaika msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo kuti eni luso azipezapo kanthu kudzera ku COSOMA.

Ambiri mwa achinyamata lero amatulutsa nyimbo imodziimodzi pa YouTube, pa WhatsApp ndi pa masamba ena a intaneti, zomwe zikufanana ndi mmene zinalili m'nthawi ya galamafoni ndi ya MBC. Amene akusungabe mwambo wa chimbale kwambiri ndi oyimba a gitala osakaniza zamakolo ndi zamakono, ndipo nawo sathamanga monga ankachitira a ku Balaka. Lawi, yemwe anatchuka ndi chimbale chodziwika ndi dzina lake lomwe, anadikira zaka zingapo asanatulutse Sunset in the Sky mu 2017. Ena msika wawo waukulu uli kunja: Madalitso Band, ya Yobu Maligwa woyimba babatoni ndi Yosefe Kalekeni wa gitala, imene inayambira m'misewu ya Lilongwe, inatulutsa Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022 kudzera ku kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva.