Chisamaliro cha zikwangwani ndi mizere ya pamsewu

Utoto wolembera mizere ya pamsewu amauthira timikanda tagalasi tobweza kuwala kwa nyali za galimoto. Matayala akamapondapo, timikandato timachoka, motero mzere woonekabe masana umazimirira usiku. N'chifukwa chake mizere imafunika kupakidwanso kawirikawiri. Zikwangwani nazo zimasuluka ndi dzuwa, zimabisika muudzu nthawi yadzinja, mwinanso kuzulidwa ndi akuba ofuna zitsulo.

M'Malawi muno, ntchito yosamalira zizindikirozi pamisewu ikuluikulu monga M1 ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2006. Ndalama zokonzera misewu zimachokera ku msonkho wa mafuta a galimoto komanso pazipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke. Chikwangwani chikasowa pamalo okhota, dalaivala wosaudziwa msewuwo amazindikira mochedwa, mpata wochepetsa liwiro utatha kale.