Mamalikisi 6 Amene Anabala Podikasiti

Monga mphunzitsi, nidziwa kuti kupatsa munthu mamalikisi ocepa kumafuna mtima wolimba. Ndiye cifukwa cake nkhani ya Jeff Gerstmann imanikhudza.

Mu November 2007, Gerstmann, mkonzi pa webusaiti ya GameSpot ku America, anapatsa gemu yochedwa Kane & Lynch: Dead Men mamalikisi 6 pa 10. Kampani yofalitsa gemuyo, Eidos, inali kulipila GameSpot ndalama zotsatsila malonda. Mwezi womwewo Gerstmann anamucotsa nchito. Mu 2012 anaulula kuti mabwana ake anagonja ku madandaulo a makampani otsatsa malonda.

Mu 2008, iye na mnzake Ryan Davis anayambitsa podikasiti ya Giant Bombcast. Mlungu uliwonse anali kukambilana za magemu kwa maola angapo, mosaopa munthu. Davis atamwalila mu 2013, omvetsela analila monga ataya m'bale wawo.

Ine n'naipeza mocedwa, ndipo zigawo zakalezo nimamvetsela m'minibasi popita kunchito. Imwe mukamasakila podikasiti ya magemu, dzifunseni: kodi anthu awa angalimbe mtima kukamba kuti gemu ni yoipa? Ngati sangathe, sungani bando yanu.