Dennis Brain, katswiri wa lipenga la horn

Malemu a Dennis Brain anali nzika ya dziko la Britain amene anachuka kwambiri cifukwa ca luso lawo loliza lipenga lochedwa horn. Anabadwira mumzinda wa London pa 17 Meyi 1921, ndipo anamwalira pa ngozi ya pamsewu pa 1 Seputembala 1957 ali ndi zaka 36. Nchito yawo ya zoimbaimba siinakwane zaka 20, komabe akatswiri ambiri amati ndiwo anacititsa kuti horn iyambenso kumveka monga coimbira cotsogolera nyimbo, osati congothandizira gulu.

Lipenga lake ndi lotani

Kwa anthu a ku Katete, Sinda, Vubwi ndi cigawo conse ca Kum'mawa, lipenga si cinthu cacilendo. Ovina mganda ali ndi malipenga awo a mphonda, amene munthu amaimbiramo ndi mawu a pakhosi. Magulu oimba a asilikali ndi apolisi ali ndi malipenga amkuwa, amene timawamva pa zikondwerero za boma. Horn ili m'gulu la amkuwawa, ndipo inacokera ku malipenga amene alenje a ku Europe anali kuitanirana nawo m'nkhalango.

Horn ndi mpope wamkuwa wopindidwa mozungulira, wotambasuka kumapeto ngati duwa la dzungu. Utati uwongoledwe, mpope wa horn ya mtundu wa F ungatalike pafupifupi mamita 3.7. Woliza amanjenjemeretsa milomo pa kabowo kakang'ono kouzirapo mpweya. Zala zake za kumanzere zimakanikiza mavalavu osinthira mawu, pamene dzanja lamanja limakhala m'kati mwa mbali yotambasukayo kuti lizifewetsa ndi kukonza mawu.

Cimene cimavuta n'cakuti mawu ambiri a horn ali pamwamba, pomwe liwu lina ndi linzake n'zoyandikana kwambiri. Mlomo ukangosuntha pang'ono, pamatuluka liwu lolakwika kapena losweka, ndipo holo yonse imamva. A Brain anadziwika cifukwa coliza mawu ovutawa mosadodoma, ndiponso mokoma ngati munthu amene akuimba ndi pakamwa.

Banja ndi maphunziro

Luso limeneli linali la pamtundu. Agogo awo aamuna, a Alfred Brain, anali woliza horn. Atate awo, a Aubrey Brain, anali mtsogoleri wa oliza horn m'gulu la BBC Symphony Orchestra. Mbale wa atate awo, amenenso dzina lawo linali Alfred, anasamukira ku America kumene anapitiriza nchito yomweyo. Amayi awo anali woimba wa opera, ndipo mkulu wawo, a Leonard Brain, anali kuliza citoliro cochedwa oboe.

Mu 1936 a Dennis Brain analowa sukulu ya zoimba ya Royal Academy of Music, kumene mphunzitsi wawo wa horn anali atate awo omwe. Anaphunziranso piyano ndi limba la m'chalichi. Anaonekera koyamba pagulu mu Okutobala 1938 mu holo ya Queen's Hall, akuliza horn yaciwiri pambali pa atate awo m'nyimbo ya Johann Sebastian Bach.

Nthawi ya nkhondo

Pa nkhondo yaciwiri ya padziko lonse a Brain anatumikira m'gulu loimba la asilikali a ndege, la Royal Air Force. Pa nthawi imeneyi wolemba nyimbo wochuka, a Benjamin Britten, atamva kalizidwe kawo, analemba nyimbo yochedwa Serenade, ya woimba wamwamuna, horn ndi zoimbira za zingwe. Nyimboyi inamveka koyamba pa 15 Okutobala 1943 mu Wigmore Hall ku London, a Brain akuliza horn ndipo a Peter Pears akuimba. Mpaka lero ndi imodzi mwa nyimbo zimene woliza horn aliyense amayesedwa nazo.

Zaka za kuchuka

Nkhondo itatha, ku London kunakhazikitsidwa magulu awiri akuluakulu. A Walter Legge anayambitsa Philharmonia Orchestra mu 1945, ndipo a Thomas Beecham anayambitsa Royal Philharmonic Orchestra mu 1946. A Brain anakhala mtsogoleri wa oliza horn m'magulu onse awiri pa nthawi imodzi, kufikira mu 1954 pamene anasiya gulu la a Beecham.

Olemba nyimbo ena anatsatira citsanzo ca a Britten. A Paul Hindemith a ku Germany analemba nyimbo ya horn imene a Brain anaiimba koyamba mu 1950. A Gordon Jacob ndi a Malcolm Arnold a ku Britain nawonso anawalembera zawo.

Mu 1951 anasiya horn ya mpope wopapatiza yopangidwa ku France, ya mtundu umene atate awo anali kuliza, natenga ya kampani ya Alexander ya ku Germany. Mu 1953 anajambula nyimbo zinayi za horn za Wolfgang Amadeus Mozart pamodzi ndi gulu la Philharmonia, motsogozedwa ndi a Herbert von Karajan. Cimbale cimeneci ndico cinafikitsa dzina lawo m'maiko ambiri, ndipo ophunzira horn amacimvetserabe. Mu 1956 anajambulanso nyimbo ziwiri za horn za Richard Strauss.

Analinso munthu wanthabwala. M'caka comweco ca 1956, pa cikondwerero ca nyimbo zoseketsa ca a Gerard Hoffnung mu Royal Festival Hall, analiza nyimbo ya Leopold Mozart ndi paipi yothiririra maluwa, kusonyeza kuti luso lenileni lili pa milomo ndi m'makutu a woliza.

Imfa yawo

A Brain anali wokonda kwambiri mamotoka othamanga. Madzulo a pa 31 Ogasiti 1957 anaimba ndi gulu la Philharmonia pa cikondwerero ca Edinburgh Festival ku Scotland. Nyimbo zitatha, ananyamuka usiku womwewo kubwerera ku London pa motoka yawo ya Triumph TR2. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 600, wotalikirapo pang'ono kuposa wocokera ku Lusaka kufika ku Chipata. M'mamawa, atatsala pang'ono kufika, motokayo inapatuka mumsewu pafupi ndi tauni ya Hatfield ndi kugunda mtengo. Anasiya mkazi ndi ana awiri, ndipo anaikidwa m'manda a Hampstead ku London.

Mpando wawo m'gulu la Philharmonia unatengedwa ndi a Alan Civil. Wolemba nyimbo wa ku France, a Francis Poulenc, analemba nyimbo ya maliro yochedwa Élégie, ya horn ndi piyano, powakumbukira.